Ndiwo za Nyama Zopanda Nyama: Kuonanso Cowboy Bebop

Gawo loyamba la Cowboy Bebop limayamba ndi zithunzi ziwiri, ndipo kwa zaka zambiri mtima wanga unali pa chithunzi cholakwika. Choyamba ndi cha mnyamata wamtali ataima pamvula, ndudu ili pakamwa, maluwa ali m'manja. Duwa limodzi likugwera m'chithaphwi, mfuti zikulira, magazi akutsika kumaso kwake, iye akumwetulira. Palibe woyankhula. Chachiwiri chimabwera nyimbo yotsegulira itangotha: bambo wadazi, wa mkono wachitsulo, ali pa chiwaya m'kakhitchini ka chombo chokalamba cha m'mlengalenga. Akuitana mnzake kuti adzadye nyama ya ng'ombe yokazinga ndi tsabola wobiriwira. Mnzakeyo, yemwe ndi mnyamata wa pamvula uja, akufufuza m'mbale ndipo nyama sakuipeza. Akudandaula kuti ndiwo zopanda nyama sungazitche dzina la nyama. Wophikayo akuyankha kuti ungathe, ngati ulibe ndalama.

Nditaona kanemayu koyamba ndinali wachinyamata, ndipo ndinkadikira kuti nkhani ibwerere kumvula kuja. Za chiwayazo ndinkaziona ngati nthabwala zodzazira nthawi. Nditamuonanso posachedwa, ndili munthu wodziwa kuwerenga masiku otsala kuti mwezi uthe, ndapeza kuti zinthu zatembenuka. Chimene ndikufuna kunena pano n'chakuti mphamvu ya Cowboy Bebop ili pa chiwaya, ndipo kufooka kwake kuli pa duwa lija, pamalo enieni amene opanga ake anaikapo ulemu wonse. Amene simunamuone dziwani kuti mathero ndiwaulula, chifukwa mlandu wanga ndi kanemayu uli kumathero komweko.

Cowboy Bebop ndi kanema wojambula pamanja wa ku Japan, wa mtundu umene dziko lonse limautcha anime. Anapangidwa ndi kampani ya Sunrise motsogozedwa ndi Shinichirō Watanabe. Mlembi wamkulu anali Keiko Nobumoto, nkhope za anthu anazijambula Toshihiro Kawamoto, ndipo nyimbo anapeka Yoko Kanno ndi gulu lake la Seatbelts. Ali ndi magawo 26, lililonse losafika theka la ola. Mu 1998 wayilesi ya TV Tokyo inaonetsa magawo 12 okha, ena n'kuwasiya poopa chiwawa ndi nkhani za mankhwala osokoneza bongo. Magawo onse anaoneka pa WOWOW kuchokera kumapeto kwa 1998 mpaka mu April 1999. Mu 2001 anafika ku America pa Adult Swim, ndipo kuchokera pamenepo anthu ambiri akunja kwa Japan anayamba kumutchula ngati khomo lawo lolowera m'dziko la anime.

Nkhani ikuchitika m'chaka cha 2071. Anthu anamanga zipata za m'mlengalenga zofupikitsa maulendo apakati pa mapulaneti, koma chipata china chinaphulika n'kuswa mbali ya mwezi. Kuyambira pamenepo miyala imagwa padziko lapansi tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri anasamukira ku Mars, ku Venus ndi ku miyezi ya Jupiter. Apolisi sangakwanitse dera lalikulu chotero, choncho amalengeza mphotho pa mutu wa chigawenga chilichonse, wogwira alandire. Anthu okhalira ntchito imeneyi ndi amene akutchedwa cowboy. Ali ndi pulogalamu yawoyawo pa wayilesi ya kanema, yotchedwa Big Shot, yowauza amene akufunidwa sabata imeneyo ndi mtengo wake mu ndalama yotchedwa woolong. M'chombo cha Bebop mumakhala Jet Black, wapolisi wakale. Spike Spiegel, yemwe anathawa m'gulu la zigawenga la Red Dragon. Faye Valentine, katswiri wa njuga wokhala ndi ngongole yoposa 300 miliyoni. Ed, kamtsikana kodziwa kuthyola makompyuta. Ndi galu wanzeru dzina lake Ein.

Mukamva zimenezi mungaganize kuti ndi nkhani ya ngwazi. Zoona zake n'zakuti ndi nkhani ya aganyu. Anthuwa alibe malipiro a pamwezi, alibe bwana, alibenso tsiku lodziwika la kudya nyama. M'gawo loyamba lomwelo Jet akufotokoza kumene kunapita mphotho yawo yapita: inathera kukonza chombo chimene Spike anagunda, sitolo imene anaphwanya, ndi kulipira chipatala cha wapolisi amene anamuvulaza. Chodabwitsa n'chakuti m'magawo ambiri sapeza kanthu. Chigawenga chimafa asanachipereke, kapena wina amawatsogolera, kapena iwo eni amachileka chifukwa cha chifundo chimene sangavomere kuti ali nacho. Kanema wa nkhondo ndi zothamangitsana kawirikawiri amalonjeza woonera kuti luso limalipira. Uyu amaonetsa anthu aluso kwambiri akugona ndi njala, ndipo sachita nazo manyazi.

Njala imeneyi ndi imene imapatsa dziko la kanemayu kulemera. Tsogolo la m'makanema ambiri a sayansi limakhala lonyezimira ngati chipatala chatsopano. La Bebop ndi logwiritsidwa kale ntchito. Zombo zimachita dzimbiri, zipata zimalipiritsa ngati msewu, misika ili ndi zikwangwani za zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo m'makona muli madala atatu okangana pa makhadi amene amapezeka paliponse pamene nkhani yafika. Gawo la 11 lonse limazungulira pa chinthu choopsa chimene chikuluma anthu m'chombo mmodzimmodzi, mojambulidwa ngati kanema woopseza. Pamapeto pake zimadziwika kuti chinachokera m'firiji imene Spike anabisamo nkhanu kuti anzake asadye, n'kuiwala chaka chathunthu. Ndani wa ife amene anakhalapo m'nyumba ya anthu ambiri sadziwa tchimo lobisa ndiwo? Mantha a m'mlengalenga asanduka mlandu wa pakhomo, ndipo nthabwalayo imagwira chifukwa umbombo wake ndi woona.

Chachiwiri chimene chimakoka anthu ndi nyimbo, ndipo pano kutamanda kulikonse n'koyenera. Dzina lakuti bebop ndi la mtundu wa jazi umene unakula ku New York m'zaka za m'ma 1940, wa oimba ngati Charlie Parker, woti aliyense amatenga mpata wake n'kupita kumene mtima wamutuma asanabwerere kwa anzake. Kanemayu anamangidwa chimodzimodzi. Magawo ake amatchedwa ndi liwu limene oimba amatchulira kukumana kwawo kodzaimba, ndipo lililonse limasankha kayimbidwe kake. Gawo la madalaivala a zombo zonyamula katundu lili ndi magitala aukali. Gawo la bowa lili ndi nyimbo zovinitsa. Watanabe ananenapo kuti nthawi zina nyimbo za Kanno zinkabwera zithunzi zisanajambulidwe, ndipo iye ankapanga zochitika potsatira zimene wamva. Zimaonekadi. Spike akamamenya nkhondo, thupi lake limayenda ngati likumvera ng'oma. Kamenyedwe kake anakatengera kwa Bruce Lee, ndipo ojambula anasamala kuti phazi lililonse liponde pansi pooneka, mosiyana ndi makanema amene amabisa ulesi wawo m'kuwala ndi phokoso.

Koma luso la nyimbo ndi zithunzi lili ndi ngozi yake, pakuti limatha kukupangitsa kumva chisoni pa chinthu chimene sichinagwire ntchito yokupezera chisonicho. Ndisanafike pamenepo, ndionetse kaye pamene kanemayu amagwira ntchitoyo mokwanira, kuti muyezo wanga uchokere mwa iye mwini.

Tengani Faye. Poyamba amaoneka ngati wakuba wamwano amene amadya chakudya cha anzake n'kuthawa ndi ndalama za m'chombo. M'gawo la 15 timamva kuti anachita ngozi ali mtsikana, madokotala anamuumitsa m'chisanu, ndipo anadzutsidwa patatha zaka 54 osakumbuka ngakhale dzina lake lonse. Chinthu choyamba chimene dziko latsopano linamupatsa ndi bilu ya chipatala. Mwamuna woyamba kumusonyeza chikondi anali tambwali amene ananamizira kufa n'kumusiyira ngongole zake pamwamba pa zija. Kuyambira apo, khalidwe lake lonse limamveka. Munthu amene anadzuka ali kale m'manja mwa katapila sangakhulupirire mbale imene wapatsidwa kwaulere.

Kenako pamabwera gawo la 18, limene kwa ine ndi mtima wa kanema yense. Ku Bebop kwafika phukusi la Faye lokhala ndi tepi ya Betamax, chinthu chimene mu 2071 palibe akuchidziwa. Theka la gawoli ndi nthabwala. Spike akuwononga makina a wogulitsa zakale powamenya ndi phazi, kenako iye ndi Jet akutsika pansi pa nyumba yomira padziko lapansi kukasaka makina ena, n'kubwera ndi a VHS amene tepiyo sikwanamo. Pamene makina oyenera apezeka, pagalasi pakuoneka kamtsikana ka sukulu, kamanyazi, kakudzijambula kuti kalimbikitse munthu amene kadzakhale m'tsogolo. Faye waima pakhomo akuonera. Nkhopeyo ndi yake, koma sakukumbuka kanthu. Palibe mfuti, palibe wakufa, ndipo ndi pamalo pamene ndinalephera kupitiriza kuonera mpaka nditapuma kaye. Chisoni chimenechi chinalipiridwa ndi magawo khumi ndi asanu a kumuona Faye akunama, akuba ndi kudzitchinjiriza.

Jet nayenso amalandira chilungamo chotero. M'gawo la 10 akubwerera kwawo ku Ganymede n'kukumana ndi Alisa, mkazi amene anamuchokera zaka zapitazo, kumusiyira wotchi ndi kakalata. Jet wakhala nthawi yonseyi osamvetsa chimene analakwa, popeza ankamusamala pa chilichonse. Alisa akumuuza kuti vuto linali lomwelo: Jet ankaganiza zonse m'malo mwake, ndipo iye ankafuna moyo wosankha yekha ngakhale atalakwitsa. Mkaziyu amaoneka gawo limodzi lokha, koma ali ndi bala yake imene ikugwa, ngongole zake, mwamuna wake watsopano, ndi chifukwa chake chomveka. Jet akuponya wotchi ija m'madzi, ndipo ife tikudziwa chimene wataya chifukwa tamva mbali zonse ziwiri.

Tsopano tiyeni kumvula kuja. Nkhani yaikulu ya Spike imatenga magawo asanu: la 5, la 12, la 13, la 25 ndi la 26. Spike anali m'gulu la Red Dragon pamodzi ndi mnzake Vicious. Anakondana ndi Julia, yemwe anali wa Vicious, ndipo anapangana kuti athawe. Vicious atadziwa analamula Julia kuti aphe Spike, apo ayi afe iyeyo. Julia anasankha kusowa. Spike ananamizira kufa, ndipo kuyambira pamenepo amakhala ngati munthu amene sanadzuke bwinobwino. Diso lake limodzi ndi loikirira, ndipo iye amati limodzi mwa maso akewo limaona zakale pamene linalo likuona zalero.

Magawo amenewa ndi okongola kuposa ena onse. M'gawo la 5 muli nkhondo ya m'tchalitchi yokumbutsa makanema a John Woo wa ku Hong Kong, ndipo pamene Spike akugwa kuchokera pa zenera la magalasi amitundumitundu, phokoso lonse limazima n'kutsala kanyimbo kofewa ngati koguguza mwana, zithunzi za moyo wake wakale zikudutsa. Ndili mnyamata ndinabwereza malo amenewa kosawerengeka. Lero ndikawaona ndimafunsa funso limene nyimboyo inandiletsa kufunsa: kodi anthu awiri amene Spike akuwakumbukirawa ndi ndani?

Vicious ndi munthu wa tsitsi loyera, wonyamula lupanga m'dziko la mfuti, woyenda ndi chimbalame chakuda paphewa. Dzina lake lenilenilo limatanthauza wankhanza, ndipo kupitirira dzinalo palibe china. Sadya, saseka, sadandaula za ndalama, amangoyankhula za magazi ndi zilombo ndi mawu a pansi pa mmero. Timauzidwa kuti iye ndi Spike anali pa ubwenzi wa pamtima, koma chimene timaona ndi kachithunzi kamodzi kakuti anaimapo msana ndi msana akuwombera adani. M'kanema amene ngakhale chigawenga cha gawo limodzi chimakhala ndi mlongo wakhungu woti chimupezere mankhwala, ngati Rocco wa m'gawo la 8, mdani wamkulu ndiye yekha wopanda chifukwa chokhalira moyo.

Za Julia n'zowawa kwambiri. Kwa magawo 24 ndi tsitsi lagolide, nyimbo yong'ung'udza ndi dzina limene limasintha nkhope ya Spike. Akaonekera yekha m'gawo la 25 amapatsa chiyembekezo: akuyendetsa galimoto mwaukatswiri, adani ali pambuyo, ndipo amacheza pang'ono ndi Faye ngati munthu wamoyo. Koma akangokumana ndi Spike kumanda, ntchito yake yatha. Amapempha kuti athawe limodzi, amawomberedwa padenga nkhunda zikuuluka, n'kufa kuti Spike apeze chifukwa chokafera. Sitidziwa chimene ankadya zaka zonse anabisalazo, amene ankamusunga, kapena chimene ankaseka nacho. Katerina wa m'gawo loyamba, mkazi wonamizira pakati pobisa mankhwala pamimba, amene ankangofuna kukafika ku Mars, timamudziwa bwino m'mphindi makumi awiri kuposa mkazi amene nkhani yonse yapachikidwa pa iye.

Okonda kanemayu ali ndi yankho, ndipo si lopepuka. Amati kuchepa kwa Julia n'kwadala. Timamuona monga Spike amamuonera, ndipo Spike sakonda munthu, amakonda chikumbukiro. Zakale zimaoneka choncho kwa aliyense: zidutswa, kuwala, nyimbo. Ndikuvomera kuti maganizo amenewa ali ndi mphamvu, ndipo amafotokoza bwino magawo oyambirira. Amagwa pamene Julia wafika pamaso pathu. Ngati cholinga chinali kusonyeza kusiyana kwa loto ndi munthu, mphindi imeneyo inali yoti munthuyo atsutse lotolo, monga Alisa anatsutsira Jet. M'malo mwake Julia amatsimikiza lotolo ndi mawu ake omaliza. Kanemayu anaonetsa kale kuti amadziwa kupatsa mkazi wakale pakamwa pake. Pa Julia anasankha kusatero, chifukwa Julia woyankhula akanawononga kukongola kwa imfa ya Spike.

Umboni wina unabwera mu 2021, pamene Netflix inatulutsa Cowboy Bebop wa anthu enieni, John Cho akusewera Spike. Opanga ake anaona dzenje lomweli ndipo analidzaza: Vicious ndi Julia anapatsidwa nthawi yochuluka, mbiri ndi zolinga. Zotsatira zake sizinakondweretse ambiri, ndipo kanemayo anaimitsidwa pasanathe mwezi chitulukireni. Ena anati izi zikusonyeza kuti Watanabe anachita bwino kusiya awiriwo mumthunzi. Ine ndinaphunzirapo china. Nkhani ya zigawenga ziwiri zolimbirana mkazi ndi yakale ndiponso yowonda, ndipo ukaikoka kuti italike imang'ambika. Kanema wa 1998 anapulumuka chifukwa anaipatsa magawo asanu okha n'kusiya 21 kwa anthu anjala.

Pali zilema zina ziwiri zimene sindingazilambalale. Choyamba ndi mmene kamera imamuonera Faye. Olemba anamupatsa mbiri yozama kuposa wina aliyense, Megumi Hayashibara anamupatsa mawu otha kuchoka pa mwano kufika pa mantha m'mpweya umodzi, koma ojambula anamuveka tizovala tachikasu tosakwana ndipo amakonda kuyambira kumiyendo asanafike kumaso. Anthu amati Faye amagwiritsa ntchito thupi lake ngati chida, ndipo nthawi zina n'zoona. Nanga pamene ali yekha, palibe woti amupusitse, kamera ikumuyang'anabe motero, chidacho chikulozedwa kwa ndani? Chikulozedwa kwa ife oonera, ndipo chimatiika kumbali ya amuna amene nkhaniyo ikutiuza kuti anamudyera masuku pamutu.

Chachiwiri ndi anthu obwereka. Dziko la Bebop lili ndi anthu a khungu lililonse, chinthu chimene sichinali chofala mu anime ya nthawi imeneyo, ndipo ndinasangalala kuona anthu akuda ali m'misika ndi m'mabala ngati anthu wamba. Koma Watanabe anthu ambiri anawadziwira m'makanema a ku America, ndipo nthawi zina amabwereka chovala osabwereka munthu. Laughing Bull, mkulu wa mtundu wa eni dziko la America, amangokhala muhema kulosera ndi miyambi, ngati kuti anthu otero anabadwira kuthandiza ngwazi kupeza njira. Gawo la 17 limalemekeza makanema a anthu akuda a ku America a m'ma 1970, ndi mkazi wotchedwa Coffee wokumbutsa Pam Grier ndi mwamuna wokoka bokosi lamaliro. Ndimaseka ndikamaliona, ndipo chikondi cha opanga pa makanema amenewo n'choonekeratu. Komabe anthuwo ndi zithunzi za zithunzi, ndipo pamene wogulitsa mavwende walowa m'nkhaniyo, munthu wodziwa mmene chipatso chimenechi chinagwiritsidwira ntchito ponyoza anthu akuda ku America amayamba kukhala movutika pampando.

N'chifukwa chiyani tsono ndimabwererabe kwa kanemayu? Yankho lili m'gawo la 24. Faye wayamba kukumbuka. Akupita padziko lapansi, kumzinda wa kwawo, kumene chiboliboli cha mkango wa m'madzi chimasonyeza kuti ndi Singapore, ndipo akukumana ndi mnzake wa kusukulu ali gogo wa pa njinga ya olumala. Akuthamanga kukwera chitunda cha kunyumba kwawo n'kupeza bwinja. Akutenga kamtengo, akujambula pansi pamene panali bedi lake, n'kugona pomwepo akuyang'ana kumwamba. Tsiku lomwelo Ed wapeza bambo ake, munthu woiwalaiwala amene sakumbuka bwino ngati mwana wake ndi wamkazi kapena wamwamuna, ndipo akuchoka m'chombo kuwatsatira. Galu akuyang'ana m'mbuyo kangapo, kenako akutsatira mwanayo.

Jet anali atawiritsa dengu la mazira, n'kugawa m'mbale za onse. Akuitana, palibe wobwera koma Spike. Amuna awiriwo akukhala pansi n'kuyamba kudya mazira aja limodzi ndi a anthu amene achoka, mwakachetechete, mofulumira, kukamwa kuli tho. Kwa magawo onse akhala akudandaula kuti mkazi, mwana ndi galu amawathera chakudya. Lero chakudya chachuluka koyamba, ndipo chifukwa chake n'chimene sangathe kuchitchula. Aliyense amene anaphikapo muyezo wa masiku onse m'nyumba imene wina wachokamo adziwa kulemera kwa mbale yotsalayo. Palibe duwa kapena tchalitchi chimene chimafika pamenepa.

Ndi maso amenewa mathero amaoneka mosiyana. Julia atafa, Spike akubwerera ku Bebop usiku n'kupempha chakudya. Jet akumukazingira tsabola uja, ndipo awiriwo akuseka limodzi kotsiriza. Faye akumutsekera njira ndi mfuti. Akumuuza kuti wakumbukira zonse koma sizinamuthandize, kulibe kwina kobwerera, kuno kokha ndiye kwawo. Iye amene ankathawa m'chombo mwezi uliwonse ndi amene waphunzira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Spike akumva zonsezo n'kupitabe, Faye akuwombera kudenga akulira. Kenako pamabwera nkhondo yaikulu, Vicious akufa, Spike akugwa pamasitepe, nyenyezi ikuzima kumwamba. Ngati wafa kapena ayi, kanemayu sanena.

Ndili mnyamata ndinkaona ulendo umenewu ngati ulemerero: mwamuna akupita kukatseka nkhani yake, popeza madzi saiwala khwawa. Lero ndimaona munthu amene anapatsidwa banja lachiwiri, losokonekera, laphokoso, lodyera m'chiwaya chimodzi, n'kulisiya chifukwa cha mizukwa iwiri. Chovuta n'chakuti sindikutsimikiza kuti kanemayu ali mbali iti. Misozi ya Faye ndi msana wa Jet akupukuta chombo chake mwakachetechete zimanena kuti Spike walakwa. Nyimbo, kuwala ndi kamera yokwera kumwamba zimanena kuti wachita zaumuna. Mawu achiwiriwa ndi okwera kwambiri, ndipo achinyamata ambiri, monga ndinalili ine, amamva okhawo. Ichi ndicho chilema chachikulu cha Cowboy Bebop: anatha magawo 21 akutiphunzitsa kuti moyo ndi kudzuka, kusaka ganyu ndi kugawana tsabola, kenako anapereka nyimbo yabwino koposa kwa munthu amene anakana phunzirolo.

Ndikulimbikitsabe aliyense kuti amuone, ndipo amuone kawiri, patadutsa zaka pakati. Ulendo woyamba mudzatengeka ndi Spike, ndipo palibe cholakwa, pakuti anajambulidwa kuti atenge mitima. Ulendo wachiwiri yang'anani Jet. Ndiye amakonza injini, amawerenga ndalama, amadulira timitengo take ta m'miphika, amaphikira anthu amene sanamuthokozepo, ndipo aliyense akachoka amanamizira kuti sizikumukhudza kwinaku akusiya chitseko chosakhoma. Nkhani ikatha iye ndi Faye ndi amene atsala m'chombo chopanda mafuta okwanira, ngongole ili pomwepo, ndipo mawa lake wina ayenera kuyatsa moto pansi pa chiwaya.